Fumbi la Talandira

Lolemba, 12 Ogasiti

Talandira wabwerera kusukulu. Kabaza mpaka paboma, kuchoka apo minibasi. A Lidia, agogo ake aakazi, amunyamulira mtedza ndi ufa ngati kuyunivesiteko anthu amadya mabuku.

Ine wandisiyira ntchito. Ine Yosefe, wa Sitandade 6, amene ahedi anati mutu wanga ndi wabwino posenzera chipewa basi.

Masola awiri pathandala kuseri kwa nkhokwe, ofanana ngati mapasa. Imodzi ndiziipukuta m'mawa uliwonse ndi kansalu konyowa. Inayo ayi. Osaigwira, osaiuzira, ngakhale kuyetsemula ndizipita kutali. Idye fumbi masabata asanu ndi atatu. Ikakwana 12 koloko masana ndizitsegula kabokosi, ndiwerenge nambala ziwiri pa kamita, ndilembe m'kope lobiriwira. Lamulungu lililonse aziimba foni ndimuwerengere.

Ndinamufunsa: mdzukulu wanga, zaka zinayi ukuphunzira uinjiniya wa magetsi a dzuwa ndi a mphepo, mapeto ake kuweta fumbi? Akuti, "Mwamuna wanga, mvetserani. Mapampu a sola akafooka mu Okutobala anthu amati afa, pomwe ndi fumbi chabe. Ndikufuna ndidziwe kuti fumbi la kwathu kuno limaba magetsi ochuluka bwanji." Akuti imeneyi ndiyo ntchito yake yomaliza. Popanda iyo digiri kulibe.

Amanditcha mwamuna wake chiyambire ali ndi zaka zitatu, monga achitira adzukulu. Ine ndimati mkazi wanga wamng'ono. A Lidia, mkazi wamkulu, amati tenga mwanawe, undipumuze.

Yopukutayo ndaitcha Mkwatibwi. Yosasambayo ndimafuna ndiitche Elisha, dzina la msuweni wanga, koma a Lidia akuti ndi tchimo. Ndiye ndi Chidakwa. N'chimodzimodzi.

A Lidia amuyang'ana Chidakwa nthawi yaitali, tsache lili m'manja. Mayi amenewa amasesa ndi pansi pa nkhuku yokhalira mazira pomwe.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Mkwatibwi 5.4. Chidakwa 5.4. Masiku anayi osasamba koma akugwira ntchito mofanana ndi wosamba. Elisha akamva asangalala.

Wabwera masana kudzabwereka khasu lomwe anabwereka kale chaka chatha. Wandipeza nditavala magalasi, pensulo kukhutu. Akuti, "Moni a Injiniya a Fumbi. Kodi mbuzi zanga zingalembetse nawo sukuluyi? Fumbi zili nalo kale." Ndamuuza kuti mbuzi zingathe, mwini wake ndiye sangakhoze mayeso olowera.

Mphepo yozizira kuchokera ku Ntchisi. Bondo lakumanzere likulankhula. Nazale ya fodya sindinaiganizire n'komwe.

Lamulungu, 1 Seputembala

Asiyana ndithu! Mkwatibwi 5.5, Chidakwa 5.1. Ndinafuula ngati ndaona njoka, a Lidia anatulukira ndi mpini.

Talandira waimba titaweruka kutchalitchi. Ndamuwerengera nambala za sabata yonse ndi mawu a muulutsi wa pawailesi. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako ndinamva pensulo yake ikuyenda. Akuti, "Agogo, mukulemba bwino kuposa anzanga a m'kalasi." Ndinati ndikudziwa. Koma nditadula foni ndinapita kukhola kukayang'ana mbuzi zomwe sizimafunika kuyang'anidwa.

Akaseka, mawu ake ndi a Eveline enieni. Mwana wathu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi chimwalirire. Anatisiyira kamwana ka zaka zinayi kamene kanaphwasula wailesi yanga pofuna kuona anthu okhala m'kati mwake. Ndinakakwapula. Lero ndi ameneyu.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Anthu ayamba kubwera kudzaona. Ndimawaimika patali, kuseri kwa chingwe. Ndawafotokozera kuti dzuwa lili ngati mlendo wamanyazi, likapeza pakhomo posasesa limangosuzumira n'kubwerera. Talandira sanandiphunzitse choncho koma anthu amva. Mkulu wina wa ku Dzoole wati akapukuta sola ya pampu ya kwawo akangofika. Ndinamuuza kuti malangizo oyamba ndi aulere, achiwiri abweretse nkhuku.

Mkwatibwi 5.5, Chidakwa 4.9.

Lachitatu, 18 Seputembala

Tsiku la 38. Mkwatibwi 5.5, Chidakwa 4.7. Chidakwa tsopano ndi chidakwa ndithu, wofiira psuu, ndipo mbalame yamusainira pakona. Talandira anati nazo zitosi muzisiye, ndi mbali ya maphunziro. Sukulu yake imeneyo.

Mawa amayi a Chigwirizano abwera kudzapemphera kuno, poti mwendo wa a Lidia wawaletsa kupita kutchalitchi masabata atatu. Mwendo wodwalawo lero wazira khonde, watsuka mipando, wasesa mpaka kumsewu. Nkhuku zathawira kwa Elisha. Ine andilamula kuti ndimete ndevu ndiponso ndisowe pakhomo mpaka alendo atapita, akuti ndimaseketsa anthu pakati pa pemphero. Kamodzi kokha, mu 1998.

Lachinayi, 19 Seputembala

Ambuye.

Ndinapita kudimba m'mawa monga anandilamulira. Ndabwera 12 koloko kudzera kuseri, amayi akuimba pakhonde, mabulauzi oyera mbee. Ndafika pathandala. Akwatibwi awiri.

Chidakwa akuwala mpaka ndadziona nkhope. 5.5 ndi 5.5. Kansalu ka a Lidia kali pa udzu, kakuuma.

Alendo atapita ndinafunsa motsitsa mawu. Akuti, "Mumafuna amayi abusa aone chinthu cha mwana wathu chili ndi zitosi? Azikanena kuti kwa a Yosefe mwana akuphunzira koma agogo ake ndi auve? Fumbi limabwera tsiku lililonse, bambo inu. Zaka makumi asanu ndikulisesa, silinalepherepo kubwerera. Mawa mulipeza lilipo."

Amanena akumwetulira. Amayi abusa anayamikira masola, akuti pakhomo pano pali ukhondo mpaka kuseri. A Lidia sanasangalalepo chonchi chiyambire mwendo.

Ndinati inde mayi, libwerera.

M'kope sindinalembe kanthu.

Lachisanu, 20 Seputembala

Ndaganiza ngati injiniya. Chinachoka ndi fumbi. Fumbi lilipo lambiri. Dowa yonse ndi fumbi.

A Lidia ali kosamba, ndinatenga sefa yawo ya ufa ndi dothi la pamsewu pomwe pamadutsa ngolo. Ndawaza timadzi kuti ligwire, n'kusefa bwinobwino ngati mayi wokonza chikondamoyo. Ndaonjezera kaphulusa kuti mtundu ufanane. Za mbalame ndiye ndalephera. Ndinagwira nkhuku pamwamba pake mphindi zisanu, yakana kugwirizana nane.

12 koloko: Mkwatibwi 5.5. Chidakwa 2.1. Ndapyola muyeso. Ndauzira, ndakupiza ndi chipewa. 3.0. Matope agwira ngati pulasitala.

Pa dzulo ndalemba 4.7, ngati dzana. Bodzalo lalembeka mosavuta. Ndi chimene chikundiopsa.

Sefa ndatsuka kawiri. Ufa wa lero unali ndi timchenga, a Lidia akuimba mlandu achigayo. Anthu osalakwa ayamba kale kuvutika.

Lamulungu, 22 Seputembala

Talandira waimba. Ndawerenga mothamanga ngati munthu wodutsa pamanda. Pa 3.0 anandiimitsa. "Bwerezani, mwamuna wanga." Ndabwereza. Anafunsa ngati kunadutsa kamvuluvulu, ngati mbuzi inakwerapo, ngati wina anagwirapo. Ndinati ayi, ayi, ayi. Katatu. Tambala wa Elisha analira nthawi yomweyo. Tambala ameneyo amamvetsera ulaliki kuposa mwini wake.

Akuti mwina analumikiza mawaya molakwika iyeyo. Akuti, "Mwina ndine mbuli, Agogo, ndangofika kuno mwamwayi." Ndinamuuza za ndevu zanga zomwe ndinameta pachabe. Sanaseke.

Lachinayi, 26 Seputembala

Waimba pakati pa sabata. Sachita zimenezo.

Anaonetsa nambala kwa aphunzitsi omwe akuyang'anira ntchito yake, mayi wina dokotala wa zamagetsi. Akuti fumbi silidumpha choncho tsiku limodzi, kuchoka pa 4.7 kufika pa 3.0 popanda chimphepo. Akuti nambala zotere zimaoneka zopeka munthu ali khale m'chipinda, ndipo ngati izi n'zopeka, ndani angakhulupirire za masiku 38 aja? Lachiwiri akaonekere, akafotokoze. Wopeka nambala amachotsedwa sukulu. Chaka chomaliza.

Amalira mosafuna kuti ndimve. Eveline ankatero.

Akuti, "Ndawauza kuti agogo anga sanama. Amaseka ndi aliyense koma sanama."

Ndinati foni ikudukaduka, netiweki. Inali bwinobwino.

Loweruka, 28 Seputembala

Masiku awiri osaseka. Elisha anabwera, anandiputa za chipewa changa, ndinangomuyang'ana. Anapita kukauza a Lidia kuti andiperekeze kuchipatala cha Mtengowanthenga, ndadwala.

Masana a Lidia anandikhazika pamkeka ngati mwana. "Bambo inu, mwayamba liti kudya osalankhula? Nenani." Ndanena zonse. Kansalu, sefa, nkhuku, 4.7.

Pa nkhuku sanaseke. Kenako akuti, "Ndiye fumbi lija linali lowerenga? Ngati miyezi ya mimba?" Ndinati eya, lija linali la masiku 38, la lero ndi la lero basi. Anagwetsa misozi, akuti ndamuphera mwana sukulu ndi manja angawa. Ndinati ayi mayi, inu munapukuta poyera, dzuwa likuona. Wakuba ndine, ndinabwera mozemba ndi sefa.

Akuti, "Sefa yanga ya ufa?" Apo ndiye anakwiya bwino. Ndinapumako.

Akufuna aimbe okha. Ndakana. Mawa ndinena ndine.

Lamulungu, 29 Seputembala

Ndanena. Sindinayambe ndi nthabwala, koyamba chibadwire.

Ndinayang'ana foni, ndimayesa yazima. Kenako timawu tating'ono: "Kupukutako sikunali kanthu, Agogo. Mukanandiuza tsiku lomwelo ndikanangolemba kuti yapukutidwa, n'kuyambiranso. Sabata yathunthu ndakhala ndikudziyesa chitsiru. Ndinakuikirani kumbuyo pamaso pa aphunzitsi."

Ndinati ndimateteza agogo ako aakazi. Akuti, "Ayi. Mumaopa kuti ndisiya kukutamani." Mwana ameneyu sukulu yamupatsa maso oopsa.

Anapempha a Lidia. Analankhula nthawi yaitali. Ndimamva a Lidia akuti pepa mayi, pepa mayi, kenako kuseka pang'ono pakati pa misozi. Foni pobwerera kwa ine inali itadulidwa.

Sananditche mwamuna wake. "Agogo" basi, wouma ngati chitsononkho.

Lachiwiri, 1 Okutobala

Ndinavala jekete la ukwati ndi tayi poyankha foni. A Lidia akuti kumeneko sakuonani. Ndinati ine ndikudziona.

10 koloko Talandira anaimba ali mu ofesi ya a dokotala aja. Ndinaimirira. Ndinati, mayi, ndine Yosefe wa ku Nachisaka, wopeka nambala ndine. Mwanayo ngakhale ali wamng'ono akaba shuga ankabwera kudzadziulula yekha. Ndafotokoza zonse mwatsatanetsatane. Pofika pa nkhuku ndinamva ngati munthu watsamwa ndi tiyi. A dokotala anafunsa kuti ndinaigwira mphindi zingati. Ndinati zisanu. Akuti, "Bambo, imeneyo ndiye nambala yoona yokhayo ya tsiku limenelo."

Ndinafuna kuwauza kuti 3.0 nayo inali yoona, fumbi lake ndiye linali labodza. Ndinadzigwira.

Chigamulo. Kope lidzapite lonse, osang'ambamo tsamba. Masiku oonongekawo ndiwadule ndi mzere umodzi umodzi, ndilembe pambali chimene chinachitika, ndisaine. Tiyambirenso lero, onse awiri atasamba. Pakufunika masabata anayi mvula isanagwe, kuti aone ngati fumbi likuyenda monga linayendera poyamba. Zikafanana, masiku 38 aja awakhulupirira. Zikapanda kufanana, kapena mvula ikafulumira, sananene.

Ndadula mizere khumi ndi iwiri. Pambali: "Ndinanama ndine. Y." Mawu awiri amenewo anditengera nthawi kuposa kupalira munda wa kumtunda.

A Lidia apukuta Chidakwa komaliza, mwachilolezo. 5.6 ndi 5.6.

Lamulungu, 13 Okutobala

Tsiku la 13. 5.6 ndi 5.3.

A Lidia asanduka mlonda. Aika mpando pansi pa mango, ndodo m'manja. Nkhuku, mbuzi, Elisha, onse amabwezedwa pa mtunda wofanana. Akafuna kusesa kumaso amayamba awaza madzi, kuti fumbi la tsache lisasakanikirane ndi la sukulu. Kuseri kuno sanasese masabata awiri. Masamba ali mbwee, iwo ali pakati pake, akuyang'ana kumwamba kuti asawaone. Ndikudziwa mmene zikuwawira.

Kutchalitchi abusa anapempherera mvula yofulumira. Mpingo wonse ameni wamphamvu. Ine ndinati ameni, n'kuonjezera chamumtima kuti koma pakadutsa pa 28. Zaka 74 ndikupempha mvula, lero ndikuipempha ichedwe. Kumwamba asokonezeka nane.

Talandira waimba. "Nambala, Agogo." Ndawerenga. "Zikomo, Agogo." Mphindi ziwiri. Ndinakonza nthabwala ya mlonda wa fumbi, yatsalira m'thumba.

Lachinayi, 24 Okutobala

Tsiku la 24. Atsala anayi.

Kutentha kuyambira m'mawa, bondo likunena zoipa. 12 koloko: 5.6 ndi 5.1. Cha m'ma 2 phiri la Ntchisi lasowa, kwada bii. Fungo lija.

Ndinathamanga, ine wa bondo, kukatenga pulasitiki ya pachigafa cha fodya. Kungomuphimba Chidakwa ola limodzi. Masiku anayi okha. Ndani akanadziwa?

Nditafika nayo pathandala a Lidia anaigwira mbali inayo. Ndimayesa akundithandiza. Anaikoka, anaipinda kanayi, n'kuikhalira. "Khalani pansi, a Yosefe. Mwana anati chochitika chilembedwe. Wotchi muli nayo. Lembani."

Ndakhala, m'mphepete mwa nkhokwe. Dontho loyamba pa Chidakwa 2:47. Kenako dontho lachiwiri. Timizere tofiira kutsika pagalasi, masiku 24 akupita pansi ife tikuyang'ana. A Lidia anandigwira dzanja, chinthu chimene sanachitepo pabwalo chikwatirane.

Yasiya 3:20. Chizimalupsa chabe, yongokwanira kuononga.

Ndaimba ndekha, osadikira Lamulungu. Ndinati mvula yagwa 2:47, yasiya 3:20, sitinaphimbe, ngakhale pulasitiki inafika pafupi. Anafunsa kuti anailetsa ndani. Ndinati agogo ako aikhalira mpaka pano. Kenako kuseka kuja, kwa Eveline, mpaka kutsokomola. "Mwamuna wanga, ndinu nkhalamba yovuta. Mawa 12 koloko muwerengenso. Ndikufuna ndione kuti mvula yatsuka zingati."

Mwamuna wanga. Ndinapitanso kukhola kukayang'ana mbuzi.

Za masiku anayi otsalawo akuti sakudziwa. Anena ndi a dokotala.

Lachisanu, 25 Okutobala

5.5 ndi 5.4. Mvula imapukuta, koma a Lidia amaiposa.

Loweruka, 14 Disembala

Talandira wafika dzulo, wowonda, ndi buku lakuda la chikuto cholimba. Masiku 24 aja anakwanira. Akuti atawajambula papepala, mzere wake unagona ndendende pamwamba pa mzere wa masiku 38 aja. Wakhoza. Mvula ija yapatsidwa tsamba lakelake.

Yankho la zaka zinayi: m'chilimwe sola ya kuno izipukutidwa pakatha masabata awiri aliwonse. A Lidia akuti akanafunsidwa iwo akananena kalekale, ndipo akanati tsiku lililonse.

Tsamba lachiwiri, lothokoza, lili m'Chingerezi, watimasulira. Mayina athu awiri, kenako la Eveline. A Lidia anapempha awerengenso. Kumapeto kwa buku kuli chithunzi cha kope langa, mizere khumi ndi iwiri ija ndi "Ndinanama ndine" zili poyera, aziwerenga anthu ophunzira. Ndinati ukanachotsako. Akuti ndilo tsamba limene a dokotala analikonda kwambiri. Elisha akufuna alijambulitse alipachike pabalaza pake.

Masola akhala kuno. Mawa awalumikiza, nyumba iwale pa Khirisimasi. Lero anatenga kansalu n'kupatsa a Lidia. "Agogo, ntchito yatha. Pukutani mmene mungafunire, onse awiri."

A Lidia anapita pathandala. Mkwatibwi anamupukuta mpaka galasi kulira. Pa Chidakwa anaima, kansalu m'mwamba. Pali timatope ta mvula ndi siginecha yatsopano ya mbalame, yaikulu bwino. Anaima. Anayang'ana Talandira, anayang'ana ine.

Akuti, "Yambani mwalemba nambala."

Ili 11:40. Takhala atatu pamkeka, kope lili pabondo, tikudikira 12 koloko.